Kupeza mankhwala okuyanjani pa matenda ovutika maganizo okhalitsa

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina kuno ku Salima, ndipo kwa zaka zitatu ndi miyezi ndinkawapalasa ngati munthu wogwira ganyu yosalipidwa. Sindinkalira ayi, kungoti chilichonse chinasukuluka. Nsima ndinkadya poti yafika pamphasa. Tulo tinkandithawa cha m'ma 2 koloko usiku, n'kumangomvera agalu mpaka kumzikiti aitane. Yunifolomu ya mwana wasukulu, yomwe kale ndinkamaliza dzuwa lisanapendeke, inkagona pamakina masiku anayi. Ena ankati ndayamba ulesi. Amalume anati pali dzanja la munthu, ndipo kwa asing'anga tinafikako kawiri, nkhuku ziwiri n'kupita.

Dzina la vutoli ndinalimva mochedwa: matenda ovutika maganizo, omwe achipatala amalemba kuti depression. Akatha zaka 2 kapena kuposa, masiku oipa n'kumachuluka kuposa abwino, amawaika m'gulu la okhalitsa. Mankhwala ake alipo ndipo ine andithandiza. Koma ndinataya pafupifupi chaka ndikunena kuti sagwira, pamene vuto linali mlingo ndi nthawi. Sindine dokotala. Milingo yomwe nditchule ndi yoti mudziwe chokafunsa, osati yoti mudzipatse nokha.

Choyamba: kaneneni matenda enieniwo

Ambirife tikalowa m'chipinda cha adokotala timangoti mutu ukupweteka, thupi likuphwanya, mtima ukuthamanga. Pamzere pali anthu ambirimbiri, ndiye amakuyezani malungo, kukulemberani panado, basi mwatuluka. Ine ndinatero kanayi. Ulendo wachisanu mayi a kunyumba anandiperekeza, ndipo ndi iwo amene anati, "Adokotala, bambowa sagona, sasangalala ndi kanthu, ndipo dzana ananena kuti bola atangofa." Adokotala anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana kumaso koyamba.

Choncho nenani mosazungulira. Zayamba liti, tulo tili bwanji, chakudya chikulowa bwanji, ntchito ikuyenda kapena ayi, ndiponso ngati maganizo ofuna kufa amakufikirani. Pemphani kuonana ndi anamwino oona za matenda a maganizo. M'zipatala za boma zapaboma, monga cha Salima ndi cha Nkhotakota, ndimo mumapezeka anthu ophunzira ntchito imeneyi. Ngati mukuchokera ku Chipoka, ku Khombedza kapena ku Dwangwa, yambirani pachipatala chaching'ono chakwanuko, akulembereni m'buku kuti mupite paboma. Mwina adzakufunsani mafunso 9 a pepala lotchedwa PHQ-9, okhudza masabata awiri apitawo. Mayankho amawawerengera kuyambira 0 mpaka 27. Funsani nambala yanu ndipo ilembedwe, chifukwa ndi imene mudzayerekezere nayo kutsogolo.

Musanapatsidwe piritsi lililonse pali zinthu zofunika kuzitulutsa poyera, ngakhale asakufunseni. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, shuga ndi HIV zimatha kufooketsa munthu mofanana ndi matendawa, ndiye n'kwabwino kuyezetsa. Tchulani ngati muli ndi vuto la mtima, khunyu, kuvutika pokodza, kapena ngati ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Tengani mankhwala onse omwe mukumwa, a BP, a TB, ma ARV, azitsamba omwe, muwaike patebulo. Za mowa ndi chamba musabise. Kachasu amagoneka munthu usiku umodzi n'kumudzutsa ali wolemedwa kuposa dzulo.

Funso lina limaoneka lachilendo koma ndi lalikulu. Kodi inakhalapo nthawi ya masiku angapo yomwe munkagona maola awiri osatopa, kuyankhula osalekeza, kumwaza ndalama, kudziona ngati mungagule nyanja yonse? Ngati inakhalapo, nenani. Amenewo akhoza kukhala matenda ena otchedwa bipolar, ndipo mankhwala a depression akamwedwa paokha amatha kumuutsira munthu wotere kusokonekera kwakukulu. Abale amakumbukira bwino nthawi zoterezi kuposa mwini wake.

Chachiwiri: dziwani mapiritsi omwe mwapatsidwa

M'zipatala zathu za boma mayina omwe mudzakumane nawo kawirikawiri ndi awiri. Amitriptyline ndi wakale, anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1961, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri. Amamwedwa pogona chifukwa amagonetsa. Fluoxetine anavomerezedwa ku America mu 1987 ndi dzina la Prozac, amabwera ngati kapisozi wa 20 mg ndipo amamwedwa m'mawa chifukwa ena amawachotsera tulo. Pa mphamvu yochiza sasiyana kwenikweni. Amasiyana pa zovuta zomwe amabweretsa komanso pa anthu oyenera kumwa. Wodwala mtima sayenera amitriptyline. Kwa achinyamata osakwana zaka 18, ngati mankhwala afunikadi, amasankha fluoxetine. Ndipo amitriptyline ndi woopsa kwambiri munthu akamwa wambiri nthawi imodzi, choncho ngati maganizo ofuna kudzipha alipo, nenani poyera kuti asankhe mwanzeru, ndipo mapiritsi azisunga munthu wina, kumakupatsani a tsiku limenelo okha.

Diazepam si mankhwala a matendawa. Amagonetsa, koma thupi limamuzolowera msanga ndipo kumusiya kumavuta. Akakupatsani wa masiku ochepa funsani tsiku losiyira.

Chachitatu: mlingo ndi nthawi

Apa ndi pomwe ndinagwera. Ndinayamba ndi amitriptyline wa 25 mg usiku. Tulo tinabwera sabata yoyamba yomwe, ndipo ndinaganiza kuti zayamba. Koma mtima unali pomwepo. Mwezi uliwonse ndinkapita pachipatala china chaching'ono, wondilandira n'kutsegula buku, kukopera zomwe zinalembedwa mwezi watha, ine n'kulandira kapepala kanga ka mapiritsi n'kubwerera. Palibe anandifunsa kuti zikusintha kapena ayi, ndipo inenso sindinanene, poti ndinkaona ngati kudandaula ndi mwano. Miyezi 8 inatha choncho.

Tsiku lina ndinakumana ndi anamwino a matenda a maganizo. Anatembenuza masamba a buku langa mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Bambo, mlingo uwu ndi woyambira chabe. Timaupereka kwa anthu otentha miyendo. Inu mankhwala a matenda anu simunayambe n'komwe." Ndinakwiya, kenako ndinamva kupepukidwa, chifukwa zinatanthauza kuti njira inali isanathe.

Malangizo a bungwe la WHO kwa achipatala amati munthu wamkulu amayamba amitriptyline pa 25 mg, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono sabata ndi sabata kufika pa 100 mpaka 150 mg patsiku. Okalamba ndi odwala matenda ena amaimira pansi, cha pa 50 mpaka 75 mg. Fluoxetine mlingo wake wamasiku onse ndi 20 mg, ndipo pakatha masabata 6 popanda kusintha amatha kukweza kufika pa 40 mg. Ndiye mukamabwerera kuchipatala funsani funso ili: kodi mlingo ndilipowu ndi woyambira kapena wochizira?

Nthawi nayo ili ndi malamulo ake. Zovuta za mankhwala zimafika msanga, masiku oyamba omwe, pamene ubwino wake umachedwa. Kusintha kumayamba kuoneka pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi, ndipo simunganene kuti mankhwala alephera musanamwe mlingo wokwanira, tsiku lililonse, kwa masabata 6 kapena 8. Ambiri amasiya pa tsiku lakhumi, pamene kukamwa kwauma koma mtima sunasinthe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kuli ndi nambala yake, si kongodikira chidikirire ngati ndinachitira ine.

Mukaiwala kumwa, musaphatikize awiri mawa lake. Pitirizani monga mwa masiku onse.

Chachinayi: gulani kope

Matendawa amanamiza. Mukafunsidwa kuti mwezi wapitawu unali bwanji, mutu umangokumbukira zoipa. Ine ndinatenga kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala, n'kuyambira kumasamba akumapeto. Madzulo aliwonse mzere umodzi: tsiku, ndamwa kapena ayi, maola a tulo, nambala ya mtima kuyambira 1 mpaka 10, ndi chomwe chandivuta m'thupi. Ndinawonjezera zovala zomwe ndamaliza kusoka. Nambala ya mtima inkangozungulira pa 3 ndi 4, koma mzere wa zovala unayamba kukwera ine ndisanamve kanthu. Nthawi zambiri zimatero: tulo, chakudya ndi mphamvu zimatsogola, chimwemwe chimabwera pambuyo, ndipo akunyumba amaona kusintha inu musanakuone. Kope limeneli muzipita nalo kuchipatala. Mphindi zisanu zomwe adokotala ali nazo zimakwana mukawaonetsa tsamba.

Chachisanu: kukhala ndi zovuta zake

Mlingo wa amitriptyline utakwera, kukamwa kwanga kunauma gwa, lilime ngati chikopa. M'mwezi wa Okutobala kuno ku Salima, dzuwa likuswa mtengo, zimenezi si zamasewera. Chomwe chimathandiza ndi botolo la madzi pambali, kumapsontha pang'onopang'ono tsiku lonse, ndi kutafuna chingamu chopanda shuga. Maswiti ndi zakumwa zotsekemera zimaononga mano, chifukwa malovu omwe amawateteza achepa. Tsukani mano kawiri patsiku. Mankhwalawa amathanso kusokoneza momwe thupi limadziziziritsira, ndiye ntchito yakumunda muziipanga m'mawa, masana mukhale pamthunzi.

Kudzimbidwa kumabwera limodzi ndi kuuma kukamwako. Nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, masamba ambiri, bonongwe, nkhwani, chisoso, papaya, mango m'nyengo yake, madzi, ndi kuyenda pansi. Mukatha masiku angapo osachita chimbudzi, m'mimba mutatupa ndi kupweteka, pitani kuchipatala.

Chizungulire chimagwira podzuka. Usiku wina ndinanyamuka mothamanga kupita panja, ndinangozindikira ndagwira chitseko ndi mawondo ali pansi. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndakhala pamphepete pa bedi, kuwerenga mpaka 30, kenako n'kuimirira. Kwa agogo izi ndi zofunika kwambiri, chifukwa kugwa kumodzi kumathyola chiuno.

Tulo ta m'mawa, kuja kodzuka mutu uli zii ngati mwagona m'madzi, timachepa mukamwa mapiritsi msanga, cha m'ma 7 koloko madzulo m'malo mwa 10. Koma ngati ndinu msodzi wopita panyanja usiku ku Senga Bay kapena ku Chia, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, kapena mlonda, nenani ntchito yanu asanakusankhireni mankhwala. Munthu wosinza alibe malo m'bwato. Mowa umawonjezera kusinzako.

Chomwe chinandigonjetsa ine ndi maso. Zapatali ndinkaona bwinobwino, koma kabowo ka singano kanasanduka chifunga. Ndinkanyowetsa ulusi, kulozetsa, kuphonya, mpaka mnyamata wogulitsa m'sitolo azindilowetsera. Kwa mlimi vuto limeneli ndi laling'ono ndipo nthawi zambiri limachepa pakapita masabata. Kwa telala ndi nsima ya ana. Ndinakanena, ndipo ndi chifukwa chake anandisinthira ku fluoxetine. Vuto lomwe mnzanu angalipirire si lomwe inu mungalipirire, ndipo achipatala sangadziwe mukapanda kuwauza kuti mumadyera chiyani.

Fluoxetine anabwera ndi zake. Sabata yoyamba mseru, m'mimba kuwira, mutu, ndi kusakhazikika kwina ngati ndamwa tiyi wambiri wopanda mkaka. Kumwera pa phala kapena mbatata, osati m'mimba muli pululu, kunathetsa mseruwo, ndipo pofika sabata yachitatu zambiri zinali zitazilala. Tulo tikavuta onetsetsani kuti mukumwa m'mawa ndithu, ndipo tiyi wamadzulo mumusiye. Kwa Asilamu anzathu m'mwezi wa Ramadan, poti onse awiri amamwedwa kamodzi patsiku, nthawi imapezeka: fluoxetine pa chakudya cha m'bandakucha, amitriptyline mutamasula. Kambiranani ndi achipatala mwezi usanayambe.

Tsopano nkhani yomwe amuna timaifera chamumtima, amayinso chimodzimodzi. Mankhwala onse awiri, makamaka fluoxetine, amatha kuchepetsa chilakolako cha m'banja kapena kuchedwetsa kumaliza. Zimachitikira anthu ambiri, ndipo mosiyana ndi mseru, sizimatha zokha nthawi zonse. Choopsa ndi kukhala chete, chifukwa mnzanu wapabanja amayamba kuganiza kuti kunja kuli wina, inu n'kusiya mankhwala mobisa. Ine ndinawauza mayi a kunyumba, tinapita limodzi, ndipo anamwino anafotokoza pamaso pa tonse awiri. Pali zomwe angachite, monga kutsitsa mlingo kapena kusintha mtundu. Kumbukiraninso kuti matendawo paokha amapha chilakolako, ndiye kope lija likuthandizani kuona kuti chinayamba ndi chiti. Za mankhwala amphamvu ogulitsidwa m'mabotolo pamsika, zisiyeni.

Chachisanu ndi chimodzi: zomwe siziyembekezera tsiku lanu lobwerera

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mtima ukugunda modumphadumpha kapena mwakomoka, mkodzo wakanika kutuluka, mwagwa ngati khunyu, thupi latuluka zidzolo ndi kutupa nkhope, diso lafiira ndi kupweteka kwambiri, kapena mukusanza magazi ndi kuchita chimbudzi chakuda bii. Chimodzimodzi ngati mwayamba kusagona koma mphamvu zili tayale, kuyankhula kosatha. Agogo akayamba kusokonezeka mutu atangoyamba mankhwala, musati ndi ukalamba.

Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha akula, uzani munthu nthawi yomweyo, musagone nawo. Masabata oyamba ndi nthawi yosintha mlingo ndi ofunika kuwayang'anira, makamaka kwa osakwana zaka 25. Abale achotse m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe, asunge mapiritsi, ndipo wodwalayo asasiyidwe yekha mpaka aonedwe ndi achipatala.

Palinso kusakaniza. Kuno kunyanja malungo ndi mlendo wa chaka chilichonse, ndipo LA sagwirizana bwino ndi amitriptyline pa kagundidwe ka mtima. Malungo ayenera kuchizidwa msanga ndithu, koma wokulemberani adziwe chomwe mukumwa kale. Mankhwala a TB a rifampicin amachepetsa mphamvu ya amitriptyline m'magazi. Fluoxetine akaphatikizana ndi bufeni, asipulini kapena diclofenac amawonjezera mpata wotaya magazi m'mimba, ndiye pa mutu wamba panado ndiye bwenzi. Tramadol, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi fluoxetine pamodzi zingabweretse kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi ndi kusokonezeka. Kwa omwe ali pa ma ARV, efavirenz ankadziwika ndi maloto oipa ndi kufooketsa maganizo, ndipo kuyambira 2019 ambiri m'dziko muno anasamutsidwira ku dolutegravir, yemwe ena amawasowetsa tulo. Musasiye ma ARV. Kanene kukiliniki yanu.

Chachisanu ndi chiwiri: oyamba akakanika

Si zachilendo. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2006, pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa atatu ndi amene anachiriratu ndi mankhwala oyamba. Ena anapeza thandizo pa achiwiri kapena achitatu. Musanasinthe, inu ndi adokotala muyang'ane zinthu zinayi: mlingo unakwana, masabata anakwana, munkamwa tsiku lililonse, ndipo palibe china chikukokera pansi monga mowa, ululu wosatha kapena nkhanza pakhomo. Piritsi silingaletse mwamuna kumenya mkazi wake, ndipo silibweza ngongole ya banki m'khonde.

Kusintha kuchitike ndi achipatala. Amitriptyline amatsitsidwa pang'onopang'ono. Fluoxetine amakhalitsa m'thupi mpaka masabata 5 mutasiya, ndipo amakweza mphamvu ya amitriptyline m'magazi, choncho musatole otsala m'kabati n'kumamwa onse awiri poti tulo tavuta.

Mitundu iwiri ikayesedwa mokwanira osaphula kanthu, pemphani kalata yokutumizani kwa akatswiri. Ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, kuli chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, chomwe chilinso ku Mzuzu. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Dzina la Zomba limaopsa anthu chifukwa cha nthabwala za misala, koma kutumizidwa kwa katswiri sikutanthauza kugonekedwa.

Funsaninso za uphungu. Pa matenda okhalitsa, mankhwala pamodzi ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzira zimathandiza kuposa chimodzi chokha. Njira ya Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, yokhala pabenchi n'kumasula mavuto limodzilimodzi, inayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Kupemphera sikulimbana ndi mapiritsi. Ine ndimachita zonse. Koma wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, mufunseni ngati angamuuze zomwezo wodwala shuga.

Chomaliza: akasowa, ndi posiya

Mankhwala amatha m'zipatala, tonse tikudziwa. Ine zinandichitikira kamodzi, ndinafika pawindo n'kumva kuti kulibe, mubwere sabata yamawa, ndili ndi kapisozi mmodzi m'thumba. Kuyambira pamenepo ndimapita kukadali a sabata yathunthu. Akakhala kulibe, pemphani akulembereni kuti mukagule ku famase yovomerezeka, kapena afunse chipatala china chapafupi. Apamsika, ogulitsidwa padzuwa pambali pa sopo, musawayese. Fluoxetine amakhululuka mukadumphitsa tsiku limodzi kapena awiri poti amachoka m'thupi mochedwa. Amitriptyline wa mlingo waukulu mukamudula mwadzidzidzi amabweretsa mseru, mutu, thukuta, maloto oipa ndi kusowa mtendere. Zimenezi sizitanthauza kuti mwasanduka kapolo wa mankhwala ngati wa fodya. Ndi thupi lomwe linazolowera ndipo likufuna kutsitsidwa bwino.

Mukayamba kupeza bwino mudzafuna kusiya. Malangizo a WHO amati mupitirize miyezi 9 mpaka 12 kuchokera pomwe zizindikiro zathera, osati pomwe munayambira kumwa. Kwa amene matendawa anakhalitsa kapena anabwererapo kangapo, adokotala amatha kunena zaka 2 kapena kuposa. Posiya amatsitsa pang'onopang'ono, kwa masabata osachepera 4, ndipo ena amafunika miyezi. Sankhani nyengo yabata. Ine ndinagwirizana ndi anamwino kuti tisayambe kutsitsa mu Januwale, ufa utachepa m'nyumba ndipo fizi ikufunika, komanso osati pomwe sukulu zikutsegulira pamene mayunifolomu amandiunjikira. Tinasankha mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, chimanga chili m'nkhokwe. Mayi a kunyumba ali ndi mndandanda wa zizindikiro zitatu zomwe zinayamba ulendo woyamba uja, kudzuka 2 koloko, kusiya wailesi, ndi nsalu kugona pamakina, ndipo tinapangana kuti akaona ziwiri mwa izo kwa sabata, tikwera kabaza osadikira tsiku lolembedwa m'buku.